Manja Kumbuyo, Kachala!

1. Pamwamba pa Sitolo ya Utoto

Dzina loti Kachala anamupatsa ndi anzake a ku koleji. Mtsikanayu akakhala pa kompyuta, zala zake zinkajompha mabatani ngati nkhuku zanjala, moti anzake ankasiya ntchito zawo n'kumamuonerera. Dzinalo linamukakamira mpaka kunyumba. Ngakhale amayi ake ankamuitana choncho.

Atamaliza maphunziro anakhala miyezi isanu ndi iwiri akungoponya makalata ofunsira ntchito. Nsapato zinatha, mayankho osabwera. Kenako tsiku lina foni inalira. Anamuitana pa kasukulu kena kophunzitsa akuluakulu makompyuta.

Kasukuluko kanali pamwamba pa sitolo yogulitsa utoto ndi misomali. Munthu ankakwera masitepe opapatiza onunkha penti, n'kudutsa pa ofesi ya amanijala, kenako n'kulowa m'chipinda chophunzirira. Munali makompyuta asanu ndi imodzi, bolodi yoyera, pulinta imodzi, ndi fani yomwe inkalira ngati ili ndi dandaulo.

Amanijala anali mayi wamfupi, wa magalasi omangirira chingwe, wosachulutsa mawu.

"Ndikuyesani masabata awiri," anatero. "Ophunzira anu ndi asanu ndi mmodzi, ndipo onse ndi a msinkhu wa makolo anu. Lachisanu la sabata yachiwiri ndidzalowa ndekha. Aliyense adzalembe kalata yaifupi, aisunge, n'kuitumiza ku imelo yanga pasanathe mphindi makumi atatu. Akakhoza asanu, kalasi imeneyi ndi yanu. Akaperewera, pali mnyamata wina amene akudikira foni yanga."

Kachala anamwetulira. "Masabata awiri achuluka, mayi. Zimenezo ndi za masiku atatu."

Amanijala anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Tiona," anatero.

2. Tebulo Latha, Aphunzitsi!

Lolemba m'mawa ophunzira anafika atatchena ngati akupita kukajambulitsa.

Woyamba kulowa anali atelala, mayi wathupi, wa kuseka kosabisa, tepi yoyezera ili m'khosi. Ankafuna azilemba okha makalata opempha kusoka mayunifolomu a sukulu. Womaliza kulowa anali alonda, bambo wamtali wa imvi m'mbali. Anagwira ntchito pa geti ya fakitale ya sopo zaka makumi awiri ndi ziwiri. Tsopano kampani inali itaika kompyuta pa getipo, ndipo buku lolembamo alendo linali loti lichotsedwa mwezi ukatha. Mlonda wosadziwa kompyuta anauzidwa kuti aganizire za kwawo.

Enawo anali makaniko, mayi ophika buledi, alembi a mpingo, ndi agogo ena omwe anapuma pa ntchito ya unamwino.

"Gwirani mausi," anatero Kachala. "Ndi kanthu ka mchira kali kudzanja lanu lamanjako."

Alonda anakanyamula m'mwamba n'kukalozetsa ku sikirini ngati rimoti ya wailesi ya kanema. Atelala anakakwekwereza pa tebulo mpaka kanafika m'mphepete.

"Aphunzitsi, tebulo latha!" anafuula. "Ndipitirire pa tebulo la amakanikowa?"

Onse anaseka. Kachala anasekanso, koma anayang'ana wotchi. Anathamangira kwa atelala. "Tabweretsani ndikuonetseni." Anagwira mausi, tatata, tsamba linatseguka. Anapita kwa alonda. "Tasunthani pang'ono, bambo." Tatata, zatheka. Pomwe nthawi inkatha, sikirini iliyonse inali ndi kalata yokongola, ndipo Kachala anapita kwawo akuimba.

Lachiwiri zinali chimodzimodzi. Lachitatu chimodzimodzi.

Lachinayi anaima kutsogolo n'kunena kuti, "Aliyense atsegule kalata imene tinasunga dzulo."

Fani yokha ndi imene inkayankhula. Makaniko anakanda m'mutu. Mayi a buledi anayamba kupukuta mabatani ndi mpango, ngati vuto linali fumbi.

"Koma dzulo lomweli tinachita zimenezi!" anatero Kachala.

Atelala anachotsa tepi m'khosi n'kuipinda bwinobwino. "Aphunzitsi, musakwiye. Dzulo munachita ndi inu. Ifetu timabwera kuno kudzaonera gule wa zala zanu. Gule wake ndi wabwino ndithu, koma ine ndimatseka shopu maola awiri tsiku lililonse kuti ndidzaonere."

"Ine Lolemba mwina sindibwera," anatero makaniko. "Kuli galimoto zitatu zikundidikira."

Alonda anatseka kope lawo. Kachala anaona kuti m'kopemo munali madeti anayi okha, pansi pake popanda cholembedwa.

3. Mpando Wakumbuyo

Loweruka m'mawa Kachala anapita kwa amalume ake, mchimwene wa amayi ake, omwe ankaphunzitsa anthu kuyendetsa galimoto. Anawapeza akupukuta magalasi a kagalimoto kawo koyera. Anawafotokozera zonse, n'kumaliza ndi mawu akuti, "Anthu ake ndi ouma mitu, amalume."

"Oo? Onse asanu ndi mmodzi?" anafunsa amalume. "Lowa kumbuyoko. Ndili ndi wophunzira."

Wophunzirayo anali mayi wina wogwira ntchito ku banki. Anapita pa bwalo lopanda anthu pomwe amalume anandandalika zidebe zakale. Mayiyo anayenera kubwerera chambuyo n'kulowetsa galimoto pakati pa zidebe ziwiri.

Ulendo woyamba anagunda chidebe chakumanzere. Wachiwiri anagunda chakumanja. Wachitatu galimoto inazima. Kachala ankangodzipotokola pa mpando, miyendo ikuponda mabuleki omwe panalibe. Koma amalume anali phee, akusenda lalanje.

"Mwaona chiyani pa galasi, mayi?" anafunsa.

"Chidebe chinasowa."

"Chikasowa ndiye kuti chili pati?"

"Pansi pa ine!" Mayiyo anaseka, n'kulizanso galimoto. Ulendo wachisanu ndi chimodzi inalowa bwinobwino. Anatuluka n'kuvina pabwalopo, chikwama chili m'manja.

Atamutsitsa mayiyo, amalume anaimika galimoto pansi pa mtengo n'kutembenuka.

"Tamvera, mwana wa mlongo wanga. Ntchito iyi ndaigwira zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Chaka choyamba ndinali ngati iwe. Munthu akangoti akhote molakwika, dzanja langa lafika kale pa chiwongolero. Ophunzira anga ankayendetsa bwino zedi ine ndili pambali. Tsiku la mayeso ankagwa onse ngati mango. Ndinkati ndi ouma mitu. Kenako bambo wina anandiuza kuti, 'Achimwene, mwezi wonsewu amene mwaphunzira kuyendetsa ndinu.' Mawu amenewo anandilasa, koma anali oona."

Anamupatsa Kachala theka la lalanje n'kupitiriza.

"Munthu wamkulu si mwana. Mwana akagwa amadzuka, n'kudzisansa, n'kuthamanganso. Wamkulu akalakwa pamaso pa kamtsikana ngati iwe, manyazi amamugwira pakhosi. Kunyumba kwake iye ndi bambo. Akatsokomola ana amakhala chete. Ndiye wabwera kwa iwe, wavula ulemu wake wonse, wakhala pa mpando wa ana asukulu. Iwe ukamulanda kamausi kako kaja, wamuuza kuti ndi mbuli popanda kutsegula pakamwa. Sakuyankha, chifukwa ndi waulemu. Adzangosiya kubwera."

"Koma nthawi ndi yochepa, amalume."

"Nthawi yake ya ndani? Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine chiwongolero ndimachigwira pokhapokha pamene pali moyo wa munthu. Kodi kompyuta yakoyo inagundapo munthu?"

"Ayi."

"Inagwerapo mu ngalande?"

Kachala anaseka. "Ayi, amalume."

"Ndiye manja kumbuyo. Uziyankhula ndi pakamwa, uzifunsa mafunso, zala uzisiye kunyumba. Ndipo ndikuchenjezeretu. Kusiya kulanda n'kosavuta. Chovuta chidzabwera tsiku limene wophunzira mwini wake adzakupemphe kuti umuchitire. Adzapempha mokoma, mwaulemu, maso ali ofiira. Mtima wako udzati kumuchitira ndiye chifundo. Si chifundo chimenecho. Ndi kumubereka munthu pamsana n'kukamutula pakati pa msewu. Wandimva?"

"Ndamva, amalume."

"Ngati wamva, tsika unditolere zidebe."

4. Apolisi a Manja

Lolemba onse anabwera, ngakhale makaniko, amene anati angodutsa kudzatsanzika. Kachala anaima kutsogolo, manja atawagwira kumbuyo.

"Makolo anga, sabata yatha ndinakulakwirani," anatero. "Ndinkaphunzitsa makompyuta m'malo mophunzitsa inu. Kuyambira lero sindigwiranso mausi ya munthu. Mukaona dzanja langa likupita pa tebulo lanu, mundikalipire."

Atelala anawomba m'manja. "Ntchito imeneyo ndaitenga ine. Ndine wapolisi wa manja."

Sipanapite mphindi khumi. Agogo anamwino anasochera, ndipo dzanja la Kachala linatuluka lokha.

"Manja kumbuyo!" anakuwa atelala. Onse anayankhira pamodzi ngati kwaya, "Manja kumbuyo, aphunzitsi!" Mwini sitolo ya pansi anakwera masitepe kudzaona ngati kwabuka ndewu.

Kachala anayamba kufunsa aliyense za ntchito yake. Atelala anati nsalu za kasitomala aliyense amaziika m'kabati yakeyake.

"Foda ndi kabati imeneyo," anatero Kachala. "Tapangani kabati, muilembe dzina."

"Bwanji osanena kalekale?" anatero atelala.

Kwa mayi a buledi, kusunga kalata kunakhala kutulutsa buledi mu uvuni asanapserere. Makaniko anaiwala zotsanzika. Anayamba kufika moyambirira n'kumayatsa makompyuta onse, ati kuwatenthetsa injini.

Lachitatu Kachala anawaonetsa kamuvi kokhota kamene kali pamwamba pa tsamba. "Mukalakwitsa, kamuvi aka kamabweza zinthu mmene zinalili," anatero. Kenako anafunsa alonda, "Bambo, lole ikalowa pa geti yolakwika mumatani?"

"Ndimaibweza chambuyo."

"Ndi kameneka."

Alonda analemba m'kope mwawo. Masamba anali atayamba kudzaza tsopano, koma liwiro ndi limene linkawavuta. Ankatayipa ndi chala chimodzi, chilembo chilichonse n'kuchisaka ngati mbuzi yotayika.

"Aphunzitsi," anafunsa tsiku lina, "amene anayala zilembozi anali bwinobwino? A ali kuno, B ali uko. Ana a sukulu akanayala bwino."

Lachinayi anayeserera mayeso. Anayi anamaliza nthawi isanakwane. Agogo anamwino anachedwa chifukwa kalata yawo inayamba ndi malonje a mizere khumi. Alonda anamaliza pa mphindi makumi atatu ndi zisanu.

"Mawa ndichotsapo zisanuzo," anatero alonda. "Ndikulonjeza."

5. Kalata Yasowa

Lachisanu amanijala analowa itangokwana naini koloko, wotchi ili m'manja.

"Aphunzitsi, kufunsa funso mukhoza," anatero. "Koma kugwira kapena kuloza, ayi. Yambani."

M'chipindamo munamveka kugogoda kwa mabatani. Alembi a mpingo anatumiza kalata yawo pa mphindi khumi ndi zisanu. Anatsatira makaniko, kenako mayi a buledi. Atelala atatumiza yawo anaimirira n'kudzigwedeza pang'ono, amanijala n'kuwakhazika pansi ndi diso.

Anayi.

Kachala anasuzumira kwa agogo anamwino. M'kalata mwawo anali akufunsabe za moyo wa ana a amanijala, mmodzimmodzi. Pamenepo panalibe chiyembekezo. Wachisanu anayenera kukhala alonda.

Alonda anali akuyenda bwino. Pa mphindi makumi awiri ndi zinayi anali pa mzere womaliza. Nthawi yomweyo mwini sitolo anasuzumira pakhomo.

"Mayi, galimoto yanu yatsekereza lole ya simenti. Adalaivala akulusa."

Amanijala anaika wotchi pa tebulo. "Ikuyendabe," anatero, n'kutsika masitepe.

Alonda anafuna kulemba chilembo chachikulu. Chala chinatsetsereka n'kudina mabatani awiri olakwika. Kalata yonse inasanduka yabuluu. Mwamantha anadina batani lina. Tsamba linangoti mbee, kuyera.

"Mayo!" anatero chapansipansi. "Aphunzitsi, yapita."

Kachala anafika pambali pawo. Kukonza kwake kunali kwa kamphindi, zala ziwiri basi. Wotchi inkaonetsa kuti zatsala mphindi zisanu.

Alonda anamuyang'ana. Thukuta linali litatsikira m'kolala. "Mwanangu, tangondibwezera. Kalatayo ndinalemba ndekha, waona ndi maso ako. Si kuba kumeneku. Ukapanda kutero, ntchito yako yatha chifukwa cha ine nkhalamba. Ndingayende bwanji ndi mlandu umenewo? Chonde, mayi aja asanakwere."

Dzanja la Kachala linachoka kumbuyo. Palibe amene anakuwa. Wapolisi wa manja anali akuyang'ana pa windo.

"Ife sitikuona kanthu," anatero atelala motsitsa mawu. "Kunjaku kuli mbalame zokongola."

Dzanja linafika pamwamba pa mabatani n'kuima. Kenako Kachala analibweza, n'kuligwira ndi linzake kumbuyo, zolimba.

"Bambo," anatero, "mwezi wamawa pa geti paja, dzina la mlendo likadzasowa chonchi, ine ndidzakhala kuti?"

Alonda anayang'ananso tsamba loyeralo.

"Kalata yanu sinapite kutali. Yangolowa pa geti yolakwika. Lole ikatero mumatani?"

"Ndima... ndimaibweza chambuyo."

"Chobwezera chake chili pati?"

Alonda anatsegula kope. Anatembenuza tsamba, n'kubwerera, n'kutembenuzanso. Anayang'ana pa sikirini kuyambira pansi, kumanja, pakati. Mphindi zinatsala zitatu. Makaniko analuma chipewa chake kuti asayankhule. Kachala ankamva zala zake zikuyabwa ngati wagwira chitedze.

"Kamuvi," anatero alonda. "Kamuvi kokhota!"

Anayendetsa mausi pang'onopang'ono. Anakapitirira. Anabwerera. Anadina kamodzi, ndipo kalata yonse inatulukira, mzere uliwonse pamalo pake.

"Yabwera!" anakuwa, n'kuimirira mpaka mpando unagwa. "Yabwera yokha! Ayi, ndaibweza ine!"

"Khalani pansi musunge, bambo inu!" anakuwa atelala.

Anasunga. Anatsegula imelo n'kuyamba kusaka zilembo za adiresi. Ali pakati, amanijala analowa akupuma mwawefuwefu, n'kutenga wotchi.

"Nthawi yatha," anatero.

Alonda sanadzutse mutu. Anapitiriza kusaka zilembo zawo mpaka anadina potumizira. Foni ya amanijala inalira m'thumba. Panali patapitirira mphindi zitatu.

6. Anayi Ndi Anayi

"Okhoza ndi anayi," anatero amanijala.

Kachala anavomera ndi mutu. "Ndamva, mayi." Anayamba kupukuta bolodi, ngakhale panalibe cholembedwa.

Alonda anadzutsa mpando uja, n'kuvula chipewa.

"Mayi, ndiloleni ndiyankhule, ine ndine wamkulu kwa nonsenu kupatula agogowa. Inu mutatsika, kalata yanga inasowa. Ndinamupempha mwanayu kuti andibwezere mwakabisira. Ndinamupempha ine, bambo wa ana asanu, amene ntchito yanga ndi kuletsa anthu kulowera kuseri. Iye anakana. Akanavomera, bwenzi pano mukumupatsa ntchito, ine n'kupita kwathu ndi satifiketi ya zala za eni. Pa geti ndaonapo anthu ambiri. Wokana mwamwano ndamuona, wovomera chifukwa cha mantha ndamuonanso. Koma wokana mwaulemu, akudziwa kuti kukanako kumupweteka iye mwini, ndi wosowa. Ngati pali wolephera pano, lembani ine."

Amanijala anapita pa kompyuta ya atelala, pomwe kalata inali ikadali pa sikirini. Anadina mabatani, kalata yonse n'kufufutika.

"Mayi inu!" anakuwa atelala, manja ali kumutu. "Thukuta langa!"

"Ibwezeni," anatero amanijala.

Atelala anayang'ana kwa Kachala. Koma amene anafika pambali pawo anali alonda. Anaima chilili, manja atawagwira kumbuyo, n'kutsokomola.

"Mayi, mukasoka mkono wa malaya chadodolido, mumatani?"

"Ndimasomola ulusi, n'kubwerera pomwe ndinayambira."

"Chobwererera chake chili pati?"

Atelala anatsinzina diso limodzi n'kuyang'ana pamwamba pa tsamba. "Musandiuze! Musandiuze!" Anadina, kalata n'kubwerera. Chipinda chonse chinaphulika ndi kuseka. Agogo anamwino okha ndi amene sanaseke, chifukwa anali atangofika kumene pa mfundo ya kalata yawo.

Pakamwa pa amanijala panagwedezeka pang'ono. "Aphunzitsi, tionane mu ofesi."

Mu ofesimo anavula magalasi n'kuwasiya alendewere pa chingwe.

"Ine mawu anga sindibweza," anatero. "Ndinati asanu. Anayi ndi anayi. Kalasi ya m'chipinda chija ndimupatsa mnyamata uja, chifukwa nayenso ndinamulonjeza. Anthu anuwa mumalize nawo Loweruka lililonse mpaka mwezi uthe, kuti bambo aja akafike pa geti ali okonzeka."

"Zikomo, mayi." Mawu a Kachala anatuluka ang'onoang'ono.

"Sindinamalize. Ndikuuzeni chinthu chimodzi, mwanangu, poti ntchito ino mukuiyamba kumene. Odziwa kompyuta ndi ambiri, ndimawaona tsiku lililonse ndi mapepala awo. Ndikafuna wa zala zothamanga, ndingoimika aliyense pamsewupa. Koma munthu woti angaime pambali pa mnzake amene akuvutika, n'kumudikira, osamunyoza komanso osamuchitira, ameneyo ndimamusaka ndi nyali. Pali ntchito ina imene yandisowetsa tulo miyezi itatu. Ndi ya chaka chathunthu, masiku anayi pa sabata. Ndinatumizako aphunzitsi awiri. Woyamba anakhalako masiku atatu. Wachiwiri anabwerera tsiku lomwelo."

"Chifukwa chiyani, mayi?"

"Woyamba ankaopa ophunzira ake. Wachiwiri ankawamvera chisoni kwambiri moti ankalephera kuwakaniza kanthu." Amanijala anatsegula kabati n'kutulutsa fomu ya masamba awiri. "Ndi amayi khumi ndi awiri. Onse akufuna adzapeze pogwira akadzatuluka. Galimoto idzakutengani pano Lolemba seveni koloko. Mudzatenge chiphaso chanu. Foni mudzaisiya pa geti."

Kachala anawerenga mutu wa fomuyo kawiri. Kenako anatenga cholembera pa tebulo la amanijala.

"Simukufuna kukaganiza kaye?" anafunsa amanijala.

"Ndikaganiza ndikusayina, mayi."

7. Nkhani Yabwino

Pansi pa masitepe ophunzira onse anali akumudikira. Atamva kuti Loweruka akumananso, atelala anamukumbatira mpaka mapazi ake anachoka pansi. Asanamusiye anamuyeza mapewa ndi tepi ija.

"Mphunzitsi savala bulauzi yothina m'khwapa," anatero. "Manja azipita kumbuyo momasuka."

Alonda anamugwira chanza ndi manja awiri. "Pepa, mwanangu, chifukwa cha mphindi zitatu zija."

"Loweruka tikazichotse, bambo. Mubwere ndi kope."

Kachala anafika kunyumba dzuwa likadali pamutu. Anapeza amayi ake akusita zovala pakhonde, wailesi ikuimba chapansipansi. Atangomuona pa geti anaimika ayironi.

"Nanga bwanji, Kachala? Usandizungulire. Ntchito ija waipeza?"

"Ija sindinaipeze, amayi. Koma ndapeza ina yoposa iyo. Ya chaka chathunthu."

Amayi anakweza manja kumwamba n'kuyamba kuvina, akuitana aneba kuti abwere adzamve. Mayi wa nyumba yoyandikana anatulukira pa mpanda, thovu la sopo lili m'manja.

"Mwana wanga walembedwa ntchito!" anatero amayi. "Tawauza wekha, mwanangu. Uyamba liti? Kuti?"

Kachala anatulutsa fomu ija m'chikwama n'kuitambasula.

"Lolemba m'mawa, amayi. Akudzanditenga pa galimoto. Ndikupita kundende."

Gule anathera pomwepo. Amayi anazimitsa wailesi, n'kukoka mpando, n'kuuloza.

"Khala apa," anatero. "Uyambire pachiyambi, ndipo usadumphe liwu ngakhale limodzi."